Model ikukana, manambala a chivomezi sakumveka: yambani ndi period

Mwezi sutha ndisanalandire uthenga wa pa WhatsApp wokhala ndi chithunzi cha sikirini, pansi pake mawu oti, "Akulu, taonani, model yanga ikukana." Kawirikawiri amakhala mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza kumene za uinjiniya. Wapatsidwa ntchito yoyang'ana nsanja ya thanki ya madzi pa mjigo wa sola kwinakwake ku Santhe kapena ku Chamama, mwinanso nyumba ya nsanjika zitatu kuno ku Kasungu boma, pansi mashopu, pamwamba malo ogona alendo. Opereka ndalama akufuna umboni woti chomangacho sichidzagwa kukachita chivomezi. Mnzathu watsegula pulogalamu yowerengera zomanga ngati SAP2000, ETABS kapena OpenSees, walowetsa zonse mu model, chifaniziro cha chomangacho mu kompyuta, koma zotuluka zake n'zosokoneza: manambala akulu mopitirira, kapena ochepa mokayikitsa, kapena pulogalamu yangoima pakati n'kulemba kuti yalephera.

Alipo amene amafunsabe ngati chivomezi n'chodetsa nkhawa kuno kumtunda. Nyanja ya Malawi ili mu mng'alu waukulu wa Rift Valley, ndipo Kasungu wachita malire ndi Nkhotakota. Chivomezi cha ku Salima mu Malichi 1989 chinapha anthu ndi kugwetsa nyumba zambiri. Cha ku Karonga mu Disembala 2009 chinabwera mobwerezabwereza kwa masabata pafupifupi awiri, chachikulu chake chitafika pa 6.0. Funso limenelo tilisiye pamenepo.

Chimene ndaona n'chakuti aliyense akakumana ndi vutoli amathamangira kusintha solver (gawo la pulogalamu lochita masamu), kuchepetsa time step (dt, kanthawi ka pakati pa sitepe ndi sitepe), kusaka algorithm ina pa intaneti. Koma nthawi zambiri solver imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala linalowa kale polemba mass, mayunitsi kapena zomangira. Ndiye musanakhudze china chilichonse, tengani kakyuleta.

Werengerani period pamanja

Period ndi nthawi imene chomanga chimatenga kuti chipite uku, chibwerere, chifike pamene chinayambira. Zonse za chivomezi zatsamira pa nambala imeneyi, ndipo kuipeza sikufuna kompyuta: T = 2π√(m/k), pamene m ndi mass ndipo k ndi stiffness, kuuma kwa chomangacho.

Titenge nsanja ya zitsulo yotalika mamita 6, yonyamula thanki ya malita 10,000. Madziwo ndi matani 10. Thanki yopanda kanthu ndi zitsulo zam'mwamba tinene kuti ndi tani imodzi, zonse pamodzi matani 11. Mu model yanu kankhani pamwamba ndi 10 kN basi, popanda chivomezi chilichonse, muone kuti pasuntha bwanji. Tinene kuti pasuntha mamilimita 8. Ndiye k ndi 10 kugawa ndi 0.008, yomwe ndi 1,250 kN pa mita. Period ikutuluka masekondi 0.59.

Tsopano yang'anani period imene yatuluka mu modal analysis, yomwe imapeza ma mode (njira zimene chomanga chimagwedezekera), muigawe ndi yanu yapamanja. Nambala yotulukayo imaulula wolakwa.

Ikakhala pafupi ndi 3.13, ndiye kuti mwalemba weight pamalo a mass. Apa chinenero chathu chimatipusitsanso, chifukwa zonse ziwiri timangoti kulemera. Matani 11 ndi mass. 108 kN ndi weight. Mukalemba 108 m'bokosi la mass, period imakwera kufika 1.85, ndipo 3.13 ija ndi square root ya 9.81. Ikakhala 31.6, mwalemba makilogalamu 11,000 mu model ya kN ndi mamita, imene imafuna matani. Nsanja yanu izigwedezeka masekondi 18.6 ngati bango. OpenSees ndiye ilibe chisoni pa izi, chifukwa sidziwa yunitsi iliyonse: chimene mwalemba n'chomwecho. Period ikakhala yaifupi kwambiri, cha m'ma 0.18, madzi sanalowe mu mass. Munawaika ngati katundu wolemetsa nsanja, koma simunauze pulogalamu mu mass source kuti katunduyo asandukenso mass. Cholakwa chimenechi ndi chimene ndimachiopa kwambiri, popeza model imayenda bwinobwino, sidandaula, ndipo lipoti limatuluka lokongola lonena kuti zonse zili bwino.

Palinso chosiyana nacho: kuwerenga mass kawiri. Pulogalamu yawerenga kale kulemera kwa zitsulo payokha, inu n'kuwonjezeranso dead load imene muli kulemera komweko. Onani total mass imene pulogalamu ikusonyeza, muifananize ndi ya papepala lanu. Zisasiyane kwambiri.

Pa nyumba yosanjikizana, Eurocode 8, muyezo wa ku Ulaya wa zomanga zopirira chivomezi, ili ndi kachiwerengero koyambira: T = Ct × H^0.75, pamene H ndi msinkhu wa nyumba mu mamita, ndipo Ct ndi 0.075 pa mafelemu a konkire, 0.085 pa a zitsulo, ndi 0.050 pa zina zonse. Nyumba ya mamita 10 ya mafelemu a konkire ikupereka masekondi 0.42. Model ikakupatsani 0.5 kapena 0.6 musadabwe. Ikakupatsani 2.0 kapena 0.05, imani kaye.

Period yasiyana pang'ono, koma osati pang'ono kwenikweni

Apa ndi pamene pamafunika kudziwa chomangacho ndi maso, osati pa sikirini pokha.

Nsanja zambiri zimene amisiri athu amawotcherera zimakhala ndi zitsulo zopingasa za X, za angle iron yopyapyala kapena ndodo zozungulira. Chitsulo chotere chimagwira ntchito chikamakokedwa, chikakankhidwa chimangopindika. Ndiye pa X iliyonse, chogwira ntchito ndi chimodzi. Koma modal analysis ndi linear, kutanthauza kuti stiffness sisintha, imawerenga zonse ziwiri, ngakhale mutazilemba kuti tension only, chifukwa lamulo limenelo limagwira ntchito mu nonlinear analysis mokha. Stiffness imatuluka pafupifupi kawiri, ndipo period imafupika ndi 1.41. Njira yosavuta ndi kuchotsa chitsulo chimodzi pa X iliyonse mu model, kapena kupatsa chilichonse theka la area yake, kenako poyesa mphamvu muzikumbukira kuti katundu yense akusenzedwa ndi chimodzi.

Pa nyumba za konkire pali zinthu ziwiri zokokerana. Choyamba, konkire imachita ming'alu chivomezi chikayamba, ndipo Eurocode 8 imalola kutenga theka la stiffness ya konkire yosang'aluka. Mukaiwala, nyumba ioneka yolimba kuposa mmene ilili, ndipo kusuntha kwake kutuluka kochepa. Chachiwiri ndi njerwa. Timazilemba ngati katundu chabe, pamene khoma la njerwa zowotcha lodzaza pakati pa mapilala limaumitsa nyumba kwambiri. Kumbukirani nyumba zathu za mumsewu wa M1: pansi mashopu a magalasi ndi zitseko zazikulu, pamwamba zipinda zothithikana makoma. Model yopanda njerwa imagawa kupindika mofanana pa nsanjika zonse. Nyumba yeniyeni imakankhira kupindika konse pa mapilala apansi. Ikani ma diagonal strut m'malo mwa makoma, muyendetse model kawiri, ya njerwa ndi yopanda njerwa, ndipo pa pilala lililonse mutenge nambala yoipitsitsa. Pamene khoma lalekezera pawindo, n'kusiya kachidutswa kafupi ka pilala poyera, yang'anani shear ya kachidutswako mwapadera.

Nthaka nayo. Fixed support ndi yomveka pa mwala kapena pa katondo wolimba. Pa makande a m'dambo maziko amapendekeka, period imatalika, ndipo spectrum, galafu yosonyeza acceleration ya chivomezi pa period iliyonse, nayo imasintha malinga ndi mtundu wa nthaka. Kusankha ground type A, imene ndi mwala, pamalo oti mu Febuluwale phazi limatitimira, ndi kudzinamiza.

Mode yoyamba ili ndi period ya masekondi mazana, kapena pulogalamu ikuti matrix ndi singular

Penapake pali chosamangika. Onerani animation ya mode imeneyo: chimene chikuvina chokha pamene zina zili chete ndicho cholakwa. Kawirikawiri ndi ma node (mfundo zokumanirana zitsulo) awiri okhala pamalo amodzi koma osalumikizana, kapena chitsulo chimene mwachimasula torsion mbali zonse ziwiri, kapena node imene zitsulo zonse zofikapo n'zomasulidwa. Konzani chimenecho basi. Musathire ma spring ang'onoang'ono ponseponse kuti uthengawo uchoke.

Period ili bwino, koma mphamvu sizikumveka

Chitaninso masamu apamanja. Base shear, mphamvu yonse yokankha chomanga cham'mbali pa tsinde lake, ndi mass kuchulukitsa ndi acceleration ya pa spectrum. Ngati spectrum yanu pa masekondi 0.59 ikupereka 0.2 g, ndipo nambala imeneyi ndangoitenga ngati chitsanzo, ndiye 11 × 0.2 × 9.81 ndi 21.6 kN. Pulogalamu ikakupatsani 2.2 kN, scale factor mwaisiya pa 1 pamene spectrum ili mu g. Iyenera kukhala 9.81 mu mamita, kapena 9,810 ngati mukugwira ntchito mu mamilimita. Rekodi ya chivomezi nayo muitsegule muwerenge mizere yake yoyamba. Ena amalemba mu g, ena mu m/s², ena mu cm/s². Mafayilo a ku PEER, nkhokwe ya marekodi a zivomezi ya ku America, amakhala mu g, ndipo amaika manambala angapo pa mzere umodzi. Mukauza pulogalamu molakwika za kawerengedwe kake kapena za dt, chivomezi chimafupika kapena kutalika popanda kukuchenjezani. Jambulani rekodiyo, muone kutalika kwake ndi nsonga yake. Ya El Centro ya 1940, imene aliyense anaphunzirira, nsonga yake ili cha m'ma 0.3 g.

Ngati shear yachepa pang'ono chabe, onani mass participation. Eurocode 8 imafuna kuti ma mode amene mwatenga afike pa 90% ya mass mbali iliyonse, kapena mutenge onse amene ali ndi yoposa 5%. Pa nsanja ya zitsulo ma mode khumi ndi awiri oyamba akhoza kutha onse pa tizitsulo tonjenjemera patokha. Chuluke chuluke ndi wa njuchi, umanena iyo yakuluma: musamawerenge kuchuluka kwa ma mode, onani amene anyamula mass. Ritz vectors amathandiza pamenepa. Ndipo nsanja ya miyendo inayi yofanana imakhala ndi ma period awiri ofanana ndendende, choncho phatikizani ma mode ndi njira ya CQC, osati ya SRSS, imene imafuna ma mode otalikirana.

Madzi a m'thanki sagwedezeka onse ngati mwala umodzi. George Housner mu 1963 anawagawa pawiri: apansi amene amayenda limodzi ndi thanki, ndi apamwamba amene amakhavukira uku ndi uku pa period yawoyawo. Pa thanki yathu, tinene ya radius ya mamita 1.15 ndi madzi akuya mamita 2.4, pafupifupi magawo atatu mwa anayi amayenda ndi thanki, ndipo otsalawo amakhavuka pa masekondi pafupifupi 1.6, ndi damping (kuzirala kwa kugwedezeka) ya 0.5% yokha. Pa thanki yaing'ono chonchi, kuika madzi onse ngati mass imodzi sikukutayani kutali. Chachikulu n'chakuti mass imeneyo muiike pa msinkhu wake weniweni, pakati pa thanki, osati pa bandi yapamwamba pa nsanja. Mita imodzi yowonjezerayo imaoneka pa miyendo. Pa thanki yaikulu ya konkire, yotakata ndi yosaya, gawani ndithu. Ndipo nthawi zonse yesani yodzaza ndi yopanda madzi.

Time history: manambala aphulika kapena akunjenjemera

Tsopano tafika pa solver, popeza time history ndi kuyendetsa rekodi ya chivomezi mu model sitepe ndi sitepe. Kusuntha kukamakula sitepe ndi sitepe mpaka kufika 1e+30 kapena NaN (chizindikiro choti palibe nambala), njira yanu yadutsa malire ake. Central difference imafuna dt yosaposa T/π, ndipo T imeneyo si ya mode yoyamba, koma yaifupi kwambiri mu model yonse. Kachitsulo kamodzi kafupi kolimba, ka period ya masekondi 0.003, kamakukakamizani dt yochepera 0.001. Njira ya Newmark, ya 1959, ili ndi mitundu: γ = 1/2 ndi β = 1/6 ili ndi malire a dt/T = 0.551, pamene γ = 1/2 ndi β = 1/4 siphulika pa dt iliyonse ngati model ndi linear. Gwiritsani ntchito yachiwiriyi pokhapokha muli ndi chifukwa china.

Koma kusaphulika si kulondola. Ndi β = 1/4, dt ikakhala gawo limodzi mwa khumi la period, period imatalika ndi 3%. Ikakhala limodzi mwa asanu, imatalika ndi 12%. Rekodi ya dt = 0.02 pa mode ya masekondi 0.1 ndi chimodzimodzi chachiwirichi. Palibe chokuletsani kuyendetsa analysis pa 0.005 ngakhale rekodi ili pa 0.02, pulogalamu imadzaza pakatipo. Yeso lake ndi losavuta: gawani dt pawiri, muyendetsenso. Yankho likasintha moonekera, gawaninso.

Ngati kusuntha kuli bwino koma acceleration kapena shear ikunjenjemera ngati mano a sowo, ndi ma mode apamwamba opanda tanthauzo amene Newmark ya 1/4 sawaziziritsa. Njira ya HHT, ya Hilber, Hughes ndi Taylor ya 1977, inapangidwira zimenezi. Alpha yake ili pakati pa 0 ndi −1/3. Yambani ndi −0.05. Chenjerani kuti OpenSees imalemba alpha mosiyana, pakati pa 2/3 ndi 1, ndiye −0.05 kumeneko ndi 0.95.

Damping yobisala

Rayleigh damping ndi C = a0M + a1K, pamene M ndi mass, K ndi stiffness, ndipo imapereka damping imene mukufuna, tinene 5%, pa ma frequency awiri okha amene mwasankha. Pakati pawo imachepa pang'ono, kunja kwake imakwera. Pa nyumba ya period 0.42, tikasankha 0.42 ndi 0.10, ma ω ndi 15 ndi 62.8 rad/s, ndipo a0 ikutuluka 1.21, a1 ikutuluka 0.00129.

Cholakwa chimene ndinachitapo ndekha, usiku wina ndikuthamangitsana ndi batire ya laputopu magetsi atathima, ndi kulemba Hz pamalo a rad/s. Kuipa kwake n'kwakuti sichionekera. Mode yoyamba imalandira pafupifupi 7%, yooneka ngati yabwinobwino, koma ya masekondi 0.10 imalandira 25%. Kuti muchigwire, wonjezerani maziro masekondi khumi kumapeto kwa rekodi, muone mmene kugwedezeka kukuzirala. Pa 5%, nsonga iliyonse iyenera kukhala pafupifupi 0.73 ya inzake yam'mbuyo, ndipo pakatha maulendo khumi patsale 4% yokha.

Mu nonlinear analysis palinso msampha wina: a1 ikachulukitsa stiffness yoyambirira pamene zitsulo zayamba kale kugonja, kapena pamene mwaika ma element olimba kwambiri ongolumikizira, damping imasenza katundu amene chomangacho chimayenera kusenza. Mu OpenSees ambiri amaika a1 pa committed stiffness pa chifukwa chimenechi, ndipo ma element ongolumikizirawo sawapatsa damping.

"Failed to converge"

Walira mvula walira matope. Mwafuna nonlinear, uthenga uwu, wonena kuti solver yalephera kupeza yankho, muzikumana nawo.

Yambani mwaona pamene yaimira. Ikaima pa sitepe yoyamba yeniyeni, vuto si chivomezi. Onani ngati gravity analysis inatha bwino, ndipo mu OpenSees onani ngati munalemba loadConst -time 0.0 musanayambe transient. Popanda mzere umenewo katundu wa gravity amapitiriza kukula limodzi ndi nthawi. Onaninso tolerance, malire a cholakwa chimene solver imalola, ndi mayunitsi ake: 1e-8 pa kusuntha mu mamita ndi chinthu china, 1e-8 pa mphamvu mu ma newton ndi kupempha zosatheka.

Ikaima pakati, pamene kugwedezeka kwafika pachimake, lembani loop yoti ikalephera ibwereze sitepe yomweyo ndi dt yogawidwa panayi, kenako pakhumi, kenako iyese Newton with line search, Krylov-Newton, kapena modified Newton ya initial tangent yokhala ndi ma iteration ambiri, n'kubwerera ku Newton wamba ikadutsa povutapo. Chitsulo chimene mwachilemba kuti chikagonja stiffness yake ndi ziro ndendende chipatseni hardening pang'ono, ngati 1%. Loop yomweyo izilemba zotsatira m'fayilo pamene ikuyenda, kuti magetsi akathima musayambirenso kusaka pamene panavuta.

Koma musanakondwere kuti yadutsa, jambulani kusuntha kwa pamwamba mpaka pamene inaimira. Ngati mzere ukupita mbali imodzi osabwerera, ndipo P-Delta (mmene katundu amawonjezera kupendekeka chomanga chikasuntha) ndi yoyatsa, pulogalamu sikuvuta ayi, ikukuuzani kuti chomangacho chagwa. Ndinaonapo mnzathu wina akukulitsa tolerance mpaka uthengawo unachoka, n'kulemba lipoti. Nsanja ya miyendo yoonda yosenza matani 10 m'mwamba ndi malo enieni a P-Delta, ndipo mankhwala ake ndi chitsulo chokulirapo, osati algorithm.

Za marekodi ndinene mwachidule. Imodzi sikwanira. Eurocode 8 imafuna osachepera atatu, ndipo mukatero mumatenga yankho loipitsitsa. Kuti mutenge avareji pamafunika asanu ndi awiri. Avareji ya ma spectrum awo isatsike pansi pa 90% ya spectrum yanu pakati pa 0.2T ndi 2T. Ngati mukulowetsa chivomezi ngati kusuntha kwa nthaka, ndipo nthakayo ikungoyenda osabwerera kumapeto, rekodiyo ikufuna baseline correction.

Chizindikiro chotayika pa miyendo

Response spectrum ikaphatikiza ma mode, manambala onse amatuluka opanda minus. Pa chifukwa chimenechi musapeze drift, kusiyana kwa kusuntha pakati pa nsanjika ziwiri, pochotsera kusuntha kophatikiza kale kwa nsanjika ina pa kwa inzake. Pulogalamu iwerenge drift pa mode iliyonse, kenako iphatikize. Ndipo pa maziko, musangoyang'ana mwendo wopanikizika.

Tibwerere ku nsanja yathu. 21.6 kN pa msinkhu wa mamita 7 ikupereka 151 kNm. Miyendo ikatalikirana mamita 2, mwendo uliwonse ulandira 38 kN, awiri kukankhidwa pansi, awiri kuzulidwa. Kulemera konse, 108 kN, kumapatsa mwendo uliwonse 27 kN. Chotsala ndi 11 kN yozula. Chivomezi chikadzera pangodya, miyendo iwiri yokha yotalikirana mamita 2.83 ndiyo imasenza, umodzi n'kulandira 53 kN, ndipo yozula imakwera kufika 26 kN. Ngati tebulo lanu la ma reaction lilibe nambala yozula ngakhale imodzi, combination yanu ili ndi G + E yokha, G kukhala kulemera ndipo E chivomezi. Wonjezerani G − E. Kenako tengani 26 kN imeneyo mukayese nayo mabawuti a pa base plate, kuzama kwake mu konkire, ndi kulemera kwa chibuma cha konkire cha pansi pa mwendo, chimene chiyenera kupitirira matani 2.7 kuti chisanyamuke nawo.